Manja Ophunzitsa Manja Anzake

Ku Tsangano m'miyezi ya Juni ndi Julayi chisanu sichichita masewera. Ndi dziko lokwera, la mbatatesi ndi tirigu, kumene nkhungu imakuta mapiri mpaka dzuwa litakwera ndithu. Ku Furancungo, likulu la boma la Macanga, usiku wa miyezi imeneyi munthu wamkulu amafunda bulangete koma n'kumamvabe mphepo m'mafupa. Tsono taganizirani mwana amene wangotuluka kumene m'mimba, momwe kutentha kunali madigiri 37, ali chinyowere, mutu waukulu, khungu lopyapyala, mafuta a m'thupi ochepa. Akangosiyidwa pamtunda osapukutidwa, pa mphindi zochepa thupi lake limazizira kufika poopsa. Amene amaima pakati pa mwanayo ndi chisanucho, nthawi zambiri ali ndi wothandizira mmodzi yekha, ndi namwino wa amayi ndi ana, amene kuno amati enfermeira de SMI.

Namwino wotere amafika kuchokera kusukulu, mwina ku Instituto de Ciências de Saúde ya ku Tete, mwina kutali ngati ku Beira kapena ku Nampula, satifiketi ili m'chikwama, mutu utadzaza. Amadziwa kuti mwana wosafika makilogalamu 2.5 ndi wochepa sikelo, kuti wobadwa masabata 37 asanathe ndi wa masiku osakwana, kuti kutentha kwa khanda kuzikhala pakati pa 36.5 ndi 37.5. Zonsezi n'zoona ndipo n'zofunika. Koma usiku woyamba umene mwana amatuluka ali lefu, wotuwa, osalira, manja amanjenjemera, ndipo buku silingamugwire dzanja. Chipatala chokulirapo chili ku Ulongué m'boma la Angónia, chachikulu chili ku Tete, kuwoloka Zambezi. Mwana wosapuma sangadikire ngakhale kuti galimoto ilizidwe.

Kalembera wa zaumoyo amene adachitika ku Mozambique mu 2011 adapeza kuti mwa ana 1,000 obadwa amoyo, 30 ankamwalira mwezi usanathe. Wa 2022 mpaka 2023 adapeza 24. Ambiri mwa ana amenewa amatisiya tsiku loyamba kapena sabata yoyamba, ndipo zowatenga n'zodziwika: kubadwa masiku asanakwane, kubanika pobadwa, ndi tizilombo tolowa m'magazi. Pa zitatu zonsezi pali gawo lalikulu limene manja amatha kuligonjetsa popanda makina a magetsi. N'chifukwa chake ine mmisiri amene ndimamuyang'anitsitsa m'zipatala zing'onozing'ono za kuno ndi namwino wokhwima uja amene amasula mnzake wongofika. Kuchiritsa mayi amatha kalekale. Koma kusamutsira luso lake m'manja mwa munthu wina, osamuchititsa manyazi ndiponso osaika khanda pachiswe, ndi umisiri wina pawokha.

Phunziro loyamba limachitika mwana kulibe. M'mawa wamkulu amatengera mnzakeyo pakona pamene pali tebulo lothandizirapo makanda, n'kumuuza kuti akonze. Watsopano amayala zinthu monga adaziloweza: nsalu ziwiri zouma, kachipewa, zomangira mchombo, sizasi yowiritsa, kachipangizo koyamwira zotseka m'kamwa ndi m'mphuno, ambu yopopera mpweya ndi timasiki take tiwiri, ka nambala 0 ndi ka nambala 1. Wamkulu sanena kanthu. Amangotola ambuyo, kukanikiza masiki pachikhatho chake, n'kufinya thumba. Mpweya ukakankha chikhatho, kavalavu kapamwamba n'kutulutsa wotsala, chida chili bwino. Thumba likangofota osakankha kanthu, ndiye kuti amene anatsuka dzulo anasiya kachidutswa kena kapena anakalowetsa mozondoka. Amamupatsira mnzake: "Tayesani inunso." Kenako amaloza zenera lotsegula, amaloza wotchi ya pakhoma kuti aone ngati singano ya masekondi ikuyenda, amafunsa pamene pali tochi magetsi akathima. Zimenezi amachita pa shifiti iliyonse, ngakhale mayi amene ali m'chipindamo akubereka kachisanu ndipo sanavutikepo, pakuti mwana amene adzafune ambu sachenjeza.

Mwana akatuluka, ntchito yoyamba ndi kupukuta. Zimamveka zopepuka mpaka utaona mmene wodziwa amapukutira. Amamulandirira pansalu youma pamimba pa mayi, n'kupukuta mwamphamvu ndithu, kumutu, kumaso, kumsana, m'khwapa, mpaka kumapazi, pomwe watsopano amangosisita poopa kumupweteka. Kupukutako kumachotsa madzi amene akanaba kutentha, ndiponso kumadzutsa mwana kuti akoke mpweya. Nsalu yonyowayo imachotsedwa nthawi yomweyo, chinthu chimene ophunzira amaiwala kawirikawiri. Mwana amagonekedwa pachifuwa cha mayi khungu ndi khungu, amafunditsidwa nsalu ina youma, amavekedwa chipewa. Ngati akulira, mchombo sudulidwa mothamanga. Amadikira mphindi imodzi mpaka zitatu kuti magazi otsala m'nsengwa atsikire kwa mwini wake. Kwa ana ambiri nkhani imathera pomwepa. Koma pafupifupi mwana mmodzi mwa 10 amafuna chithandizo kuti ayambe kupuma, ndipo 3 mpaka 6 mwa 100 sadzuka ngakhale atatikitidwa msana. Amenewo amafuna kupopedwa mpweya.

Maphunziro a Helping Babies Breathe, amene bungwe la American Academy of Pediatrics lidakhazikitsa pamodzi ndi mabungwe anzake mu 2010, amaika malire omveka: masekondi 60 asanathe, mwana akhale akupuma yekha kapena akupopedwa. Luso la masekondi amenewa lagona m'zala za dzanja logwira masiki. Mwana amagonekedwa chagada, namwino ataima kumutu kwake. Mutu usagwere pachifuwa, usakhoterenso kumbuyo kwambiri, chifukwa khosi la khanda ndi lofewa ndipo njira ya mpweya imatsekeka konsekonse. Chibwano chimangotukulidwa pang'ono. Masiki imayambira pachibwano, n'kuphimba pakamwa ndi mphuno, osafika m'maso. Chala chachikulu ndi chamkombaphala zimagwira masikiyo pamwamba, chapakati chimakola fupa la nsagwada kulikwezera ku masiki. Watsopano amachita mosemphanitsa. Amakanikizira masiki pansi, mutu n'kugwa, njira n'kutsekeka, iye ali kalikiliki kufinya thumba, mpweya ukuthawira m'mbali mwa tsaya. Wamkulu amaika dzanja lake pamwamba pa dzanja la mnzakeyo, kusuntha chala chimodzi chokha pang'ono, ndipo chifuwa chimene chinali duu chimayamba kukwera. "Musayang'ane thumba, musayang'anenso ine. Yang'anani chifuwa." Amawerenga mokweza, um, dois, três, akufinya pa um, kuti mpweya uzilowa pafupifupi ka 40 pa mphindi. Mpweya wake ndi womwewu tikupumawu, sadikira botolo la okosijeni kuti ayambe. Chifuwa chikapanda kukwera, dongosolo silisintha: ikanso masiki, konzanso mutu, chotsa zotseka m'kamwa, yasamitsa pang'ono, finya mwamphamvuko.

Zonsezi watsopano amaziyambira pachidole. Chodziwika kwambiri ndi NeoNatalie, chopangidwa ndi kampani ya Laerdal ya ku Norway. Chimathiridwa madzi kuti chilemere monga khanda, ndipo wophunzitsa amakhala ndi timipira tofinya m'manja mwake, kotero amatha kuchipumitsa, kuchigunditsa pamchombo, kapena kuchisiya zii. Wamkulu wodziwa ntchito sachitsekera m'kabati. Amachiika poonekera, ndipo pa nthawi imene mnzake sakuyembekezera, mwina akulemba m'buku la ochira, amangoti, "Mwana wabadwa, sakulira," n'kuyang'ana wotchi. Mayi aliyense wa ku Macanga akudziwa kuti kupeta sikuphunziridwa ndi makutu. Mtsikana amataya mphale kangapo mpaka mikono itazindikira yokha kagwedezedwe ka lichero. Apa chotayika ndi moyo wa munthu, choncho zolakwa zonse ziyenera kuthera pachidole.

Izi zili ndi umboni. Ku Tanzania maphunzirowa atalowa m'zipatala zisanu ndi zitatu, kafukufuku wa 2013 adaonetsa kuti imfa za ana m'maola 24 oyamba zidatsika ndi 47 peresenti. Koma chimene chidachitika pachipatala chimodzi cha kumudzi, cha Haydom, ndicho chimandiphunzitsa zambiri. Kumeneko azamba adaphunzitsidwa tsiku limodzi. Patapita miyezi adayesedwa pachidole n'kupezeka kuti akukhoza kuposa kale, koma m'chipinda chochirira kagwiridwe kawo kadali komwe kaja. Atayamba mu 2011 kumayeserera pafupipafupi, mphindi zitatu mpaka zisanu zokha, pamalo pantchito pomwepo, imfa za tsiku loyamba zidatsika kuchoka pa 11.1 kufika pa 7.2 mwa ana 1,000. Kuno ku Mozambique, pachipatala chachikulu cha Beira, akatswiri ogwira ntchito ndi bungwe la CUAMM adajambula pa vidiyo mmene azamba amathandizira ana osapuma, n'kupeza zofanana: maphunziro a kamodzi adathandiza pang'ono, ndipo afupiafupi obwerezabwereza adapititsa ntchito patsogolo. Ngati zili chomwecho ku Beira, kumene ana amabadwa usana ndi usiku, nanga bwanji pakachipatala ka ku Chidzolomondo kapena ku Ntengo-wa-Mbalame, kumene namwino angathe masabata ambiri osakumana ndi mwana wofuna ambu? Luso losagwiritsidwa ntchito limazilala mwini wake osadziwa.

Kafukufuku wa ku Tanzania wa 2013 uja adapezanso chinthu chimene chimandikhalitsa pansi nthawi zonse ndikachiganizira. Chiwerengero cha ana olembedwa kuti angomwalira kumene pobadwa chidatsika ndi 24 peresenti. Ambu singaukitse mwana amene wafera m'mimba. Ndiye kuti ena mwa ana amene ankakulungidwa n'kutchedwa mtayo adali amoyo, mtima ukugunda, akungosowa wowapumitsa. Kwathu mtayo suliridwa. Amayi achikulire amakauika mwakachetechete, mwini mimba n'kuuzidwa kuti alimbe mtima. Namwino wamkulu amadziwa kulemera kwa zimenezi, n'chifukwa chake lamulo limodzi sanyengerera nalo: pokhapokha khungu litasupuka, kuonetsa kuti imfa idachitika kale m'mimba, mwana aliyense wotuluka ali chete atengedwe kuti ndi wamoyo, ndipo ntchito iyambe. Zakale zija zomuzondotsa mwana, kumumenya matako kapena kumuwaza madzi ozizira amazithetsa tsiku loyamba lomwelo, pakuti zimangodya masekondi amene akanapita ku masiki.

Khalidwe la mphunzitsi wotere ndi mbali ya luso lake. Pamaso pa mayi wochira, mnzake wamng'onoyo amamutcha "anamwino" ndipo amamuyankhula ndi "inu", chifukwa mayi akaona kuti amene akumugwira akunyozedwa, mawa sadzamulola kumuyandikira. "Iwe" ndi "mng'ono wanga" zimabwera kuseri, ali awiri. Mwana weniweni akabanika koyamba, wamkulu amaima pafupi, koma salanda ambu pokhapokha ataona kuti chifuwa sichikukwera ndipo nthawi ikutha. Kuugwira mtima kotereku n'kovuta kuposa kupopa komwe, pakuti manja ake amadziwa kuti akanachita msanga. Zikatha, kaya mwana walira kaya watisiya, amakhala pansi awiriwo. Safunsa kuti walakwa ndani. Amati, "Tandiuza, mng'ono wanga, unaona chiyani poyamba? Nanga unaganiza zotani?" Wamng'ono amayankha, "Mana, ndinachedwa, ndimafuna kuyamwa zam'kamwa kaye." Akatchula yekha cholakwacho, sadzachiiwalanso. Alipo ena amene amaphunzitsa ndi kukalipa, poganiza kuti mantha amanola munthu. Chimene ndimaona n'chakuti wokalipiridwa amaphunzira kubisa, ndipo namwino wobisa ndi woopsa kuposa wosadziwa, chifukwa usiku sadzadzutsa aliyense mwana akasintha.

Mwana akapuma, nkhondo imabwerera ku chisanu, makamaka kwa wochepa sikelo. Njira ya kangaru, yofungatira mwana pachifuwa khungu ndi khungu, imene kuno amati mãe canguru, idayambira ku Bogotá m'dziko la Colombia mu 1978, pamene dokotala Edgar Rey adaona kuti makina ofunditsira ana ndi osakwana ndipo ana akupatsirana matenda pogonekedwa angapo m'makina amodzi. Pachipatala cha mishoni cha Manama ku Zimbabwe, pamene panalibe makina otere, lipoti la 1994 la Nils Bergman ndi mnzake lidati mwa ana osafika magalamu 1,500, opulumuka adakwera kuchoka pa 10 kufika pa 50 mwa 100. Mu 2021 kafukufuku wa bungwe la WHO m'maiko asanu, kuphatikizapo Malawi pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, adapeza kuti kuyamba kangaru nthawi yomweyo, osadikira kuti mwana ayambe wakhazikika, kudachepetsa imfa ndi 25 peresenti mwa ana a pakati pa kilogalamu imodzi ndi 1.8.

Koma manambala samanga kapulana, nsalu yomangira mwanayo pachifuwa. Kamangidwe kake kali ndi zinsinsi zimene munthu amaona pokhapokha ataima pafupi. Mwana amangovala thewera, chipewa ndi sokosi. Amaimikidwa pakati pa mabere, mimba yake pathupi la mayi, miyendo yopinda ndi yotambalala, mutu utatembenukira mbali imodzi, chibwano chitatukuka pang'ono kuti njira ya mpweya isapindike. Mphepete ya kapulana idutse m'munsi mwa khutu la mwana: ikatsika, mutu umalendewera, ikakwera, imaphimba mphuno. Imangidwe zolimba pachifuwa cha mwana, koma pamimba pasafinyike, chifukwa khanda limapuma ndi mimba. Wamkulu akamaliza kumanga amauza mayi kuti aweramire kutsogolo manja atawasiya, ndipo mwana sasuntha. Kenako amamasula zonse n'kuuza wophunzira kuti amange iye, kenako mayi mwini, kenako amene akumudikirira. Amalowetsa dzanja m'kati kukhudza mapazi a mwana ndi kumbuyo kwa chikhatho, n'kuuza mnzake akhudzenso: thupi lofunda mapazi ozizira ndiye kuti chisanu chayamba kulowa, ndipo temometa imangotsimikiza zimene dzanja lanena kale.

Apa mpamene wophunzira amazindikira kuti wodwala wake si mwana yekha. Kunja kuli agogo, amene anaperekeza mayiyo kuchidikiro, amene adzalamulire zonse za m'chikuta akabwerera kumudzi. Kwa iwo mwana amaberekedwa kumbuyo, osati kutsogolo. Mwana amasambitsidwa akangobadwa, pomwe chipatala chikuti padutse maola 24. Pamchombo pamapakidwa phulusa kapena mafuta kuti uduke msanga, pomwe chipatala chikuti mankhwala a chlorhexidine okha basi. Mkaka woyamba wachikasu uja ena amati ndi woipa, pomwe ndiwo chitetezo choyamba cha mwana ndipo ayenera kuuyamwa ola loyamba lisanathe. Namwino wochokera kumwera, amene amangodziwa Chipwitikizi ndi chilankhulo cha kwawo, akhoza kunena zonsezi molondola koma osamveka. Wamkulu amamukhazika pambali pake kuti amve mmene iye amayankhulira ndi agogo. Amayamba ndi moni wonse, kufunsa kumudzi, kuthokoza kuti anabwera naye m'nthawi yake. Kenako amati, "Agogo, inu mwalera ana ambiri, ine sindingakuphunzitseni kulera. Koma uyu wabwera masiku ake asanakwane. Tiyeni timupatse masiku otsalawo pachifuwa. Amayi ake akatopa, mudzamufungatire ndinu." Agogo amene apatsidwa udindo amausunga, ndipo ndi iwo amene adzaletse anzawo kumudzi kuti mwana asasambitsidwe m'mamawa pabwalo. Ndimakhulupirira kuti kuphunzira Chichewa chokwanira kukamba ndi agogo kuyenera kuwerengedwa pamodzi ndi kuphunzira ambu kwa namwino aliyense wotumizidwa ku Tsangano ndi ku Macanga.

Kudyetsa mwana wosatha kuyamwa nakonso kumafuna dzanja lophunzitsidwa. Mayi amafinyira mkaka m'kapu yowiritsa. Mwana amakhazikidwa chotsamira, kapu imakhudza mlomo wam'munsi, n'kupendekeka mpaka mkaka utangofika pamphepete. Sathira. Mwana amanyambita yekha, amapumira, amayambanso. Watsopano akatopa ndi kudikira amapendeketsa kwambiri, mwana n'kutsamwa. Ntchito imeneyi imabwerezedwa maola awiri kapena atatu alionse, usiku womwe, ndipo chotsimikizira chake ndi sikelo ya m'mawa uliwonse: masiku oyamba akadutsa, mwana aziwonjezera pafupifupi magalamu 15 patsiku pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake.

Chovuta kwambiri kuphunzitsa ndi diso. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo khanda silidandaula ngati munthu wamkulu. Likadwala limangochepetsa zochita. Wamkulu amaimika mnzake pambali pa mwana n'kumuuza kuti awerenge mapumidwe kwa mphindi yathunthu. Kuwerenga masekondi 15 n'kuchulukitsa sikuloledwa, chifukwa khanda limapuma mothamanga, kuima pang'ono, n'kuyambanso. Akafika 60 kapena kupitirira, awerengenso kachiwiri. Amamuonetsa kusiyana kwa nthiti zoyenda bwino ndi chifuwa cholowa m'kati kwambiri. Amamumvetsera kubuula kwapansipansi kumene mwana amachita potulutsa mpweya, kumene mayi angaganize kuti ndi tulo. Amamutengera pazenera kuti akanikize khungu ndi chala pa kuwala kwa dzuwa, chifukwa chikasu sichioneka bwino pa babu, ndipo chikasu cha tsiku loyamba kapena chofika m'zikhatho ndi kumapazi si chodikira nacho. Kukomoka kwa khanda nthawi zina kumangokhala kuphethiraphethira kapena kutafunatafuna mlomo. Koposa zonse amamuphunzitsa kukhulupirira mayi akati, "Dzulo amayamwa, lero akukana."

Pamankhwala wamkulu sakhulupirira mutu wa munthu aliyense, ngakhale wake. Mwana ayambe wakwera sikelo. Malangizo a WHO amati m'sabata yoyamba gentamicin ndi mamiligalamu 5 pa kilogalamu kwa mwana wa sikelo yokwana, ndi 3 kwa wochepa sikelo, kamodzi patsiku. Kadontho kamodzi kolakwika pa pepala kangachulukitse mlingo kakhumi. Choncho wophunzira amawerengera mokweza, wamkulu amawerengeranso payekha, akagwirizana m'pamene jekeseni imakokedwa. Kudziwa potumiza nakonso ndi phunziro. Mwana wopita ku Ulongué kapena ku Tete sanyamuka chimanjamanja: alandire mankhwala oyamba, amwe mkaka ngati angathe, akwere galimoto ali pachifuwa cha mayi ake, ambu ili m'manja mwa womuperekeza, kalata italembedwa nthawi ya chilichonse chimene chachitika. Misewu ya kuno nthawi ya dzinja ndi yodziwika, ndipo mwana wonyamuka ali wofunda amafika ndi mwayi woposa wa amene wangokulungidwa m'mabulangete n'kuikidwa pampando.

Dziko la Mozambique lidadziwa kalekale kuti ntchito yolemera ingathe kuikidwa m'manja mwa anthu amene si madokotala, bola asulidwe bwino. Madokotala ambiri atachoka pa nthawi ya ufulu mu 1975, boma lidayamba mu 1984 kuphunzitsa akatswiri a opaleshoni otchedwa técnicos de cirurgia. Kafukufuku wa 2007 adapeza kuti iwowa ndiwo ankachita maopaleshoni oposa 90 mwa 100 a amayi oyembekezera m'zipatala za m'maboma, ndipo patatha zaka zisanu ndi ziwiri ambiri a iwo adali akadali komweko, pomwe madokotala adali atasamuka. Kutsidya kwa malire, ku Queen Elizabeth, makina otsika mtengo othandizira kupuma otchedwa Pumani, opangidwa mogwirizana ndi Rice University, adapulumutsa ana 71 mwa 100 poyerekeza ndi 44 mwa amene ankalandira okosijeni yekha. Makina otere ndi abwino, ndipo ndikulakalaka atafika paliponse. Komabe nawonso amadalira namwino wodziwa kusankha timachubu tokwana mphuno, kuona ngati madzi a m'makinamo akubwatabe, ndi kupukuta mamina asanatseke. Kukula pantchito imeneyi sikukhala ndi tsiku lomaliza, pakuti ngakhale malangizo amasintha: mpaka mu 2022 ankati kangaru ayambe mwana atakhazikika, lero WHO ikuti ayambe pomwepo. Wamkulu weniweni amavomera kuphunzitsidwanso, nthawi zina ndi wamng'ono yemweyo amene wabwera ndi zatsopano kuchokera kusukulu.

Wophunzira amadziwika kuti wakhwima tsiku limene amapatsidwa chidole n'kuuzidwa kuti aphunzitse servente, wothandizira wa usiku, kupukuta mwana, kuwerenga masekondi ndi kubweretsa ambu asanaitanidwe kachiwiri, popeza pa 2 koloko m'bandakucha manja achiwiri amakhala a servente ameneyo. Kuti afike pamenepo pamafunika miyezi ali pambali pa wokhwima. Apa ndipo pali nkhawa yanga. Namwino amene watha zaka kumudzi ali ndi ufulu wofuna kusamukira kufupi ndi banja lake kapena kukapitiriza sukulu, ndipo palibe angamudzudzule. Koma akachoka sabata yomwe wolowa m'malo wafika, zonse ndafotokozazi zimakwera naye galimoto. Pempho langa kwa ogawa anamwino ku Tsangano ndi ku Macanga ndi lakuti awiriwa azikhalira limodzi miyezi ingapo wokhwima asanachoke, chipatala chilichonse chochiritsa chikhale ndi chidole chake ndi ambu yachiwiri, ndipo mphindi zisanu zoyeserera m'mawa zizilembedwa m'buku monga ntchito ina iliyonse, woyang'anira akabwera azifunsa kuti aone tsamba limenelo.